Kugwira n'kwanu, kuweruza n'kwa khoti

Tauni ya Kafue inakula ndi mafakitale. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia itayamba kugwira ntchito mu 1970, pamodzi ndi ya nsalu ya Kafue Textiles m'dera lomwelo, anthu anachokera m'zigawo zonse za Zambia kudzafuna ntchito, ndipo nyumba za ku Kafue Estates anamangira iwowo. Lero fakitale ya nsalu ija inatseka, ntchito zokhazikika zinachepa, ndipo ambiri a ku Zambia Compound, Shikoswe ndi Soloboni amadalira maganyu: kutsitsa matumba, kulondera, kutola zitsulo zakutha n'kukagulitsa, poti fakitale ya zitsulo ya m'tauni muno imasungunula zitsulo zoterezi. Katundu wamtengo wapatali ali m'kati mwa mpanda, anthu ovutika ali kunja kwa geti, ndiye kuganizirana sikuchedwa. Waya wa kopa akasowa usiku, pomafika m'mawa dzina la wakuba lamveka kale komboni yonse, mwini dzinalo asanafunsidwe n'komwe.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko la Zambia, pa gawo 18, amanena kuti aliyense woimbidwa mlandu atengedwe kuti ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, kapena iye mwini atavomera mlanduwo. Ambiri timaona ngati amenewa ndi mawu a maloya. Ayi, ndi mawu okhudza mlonda wa pageti, kapitawo wa shifiti ya usiku, mayi wogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, ndi inu amene mukuwerenga. Tanthauzo lake ndi lakuti woganiziridwa sakakamizidwa kudziyeretsa. Boma, lomwe lamutengera kukhoti, ndilo liyenera kubweretsa umboni, ndipo umboniwo ukhale wokwanira kuchotsa chikaiko chilichonse chomveka. Majisitireti akatsala ndi chikaiko chenicheni, amamumasula munthuyo ngakhale tauni yonse ikumuloza chala. Gawo lomwelo limamupatsanso ufulu wouzidwa mlandu wake m'chilankhulo chimene amamva, wopatsidwa nthawi yokonzekera, wokhala ndi loya, wofunsa mafunso mboni zimene zikumuneneza, komanso wokhala ndi womasulira mosalipira. Ku Kafue kuno, komwe Chitonga, Chinyanja, Chibemba ndi Chilozi zimamveka mumsika umodzi, nkhani ya womasulira si yaing'ono.

N'chifukwa chiyani lamulo limakhwimitsa chonchi? Chifukwa munthu woona mtima amathanso kulakwitsa. Tiyerekeze kuti mlonda ali pakona ya mpanda cha m'ma 2 koloko usiku, magetsi azima, tochi yake yafooka. Waona munthu wamtali wovala ovolosi yabuluu akudumpha mpanda, thumba lili paphewa. Kutacha, mnyamata wina wamtali wa ovolosi yabuluu akudutsa pamsewu wafumbi akukankha wilibala ya zitsulo, pamwamba pali zidutswa za waya. Mlonda uja akuti, “Ndi yemweyu.” Sakunama, akukhulupiriradi zimene akunena. Koma ovolosi yabuluu ali nayo anthu ochuluka m'dera la mafakitale, nkhope sanaione, ndipo waya wa m'wilibalamo palibe amene wamuyerekeza ndi amene wasowa. Makhoti a Zambia amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amachenjera kwambiri ndi umboni wa mboni imodzi imene inaona munthu wachilendo mwachidule, makamaka mumdima. Amafunsa kuti panali kuwala kotani, munthuyo anali patali bwanji, anamuona kwa nthawi yaitali bwanji, ankamudziwa kale kapena ayi. Ngati majisitireti wophunzira malamulo amafunsa zonsezi asanagamule, gulu la anthu okwiya pageti lingadziwe bwanji m'kanthawi kochepa?

Musananene dzina la munthu, siyanitsani zinthu zitatu mumtima mwanu: chimene mwaona ndi maso anu, chimene mwamva kwa wina, ndi chimene mukungoganiza. Kukhoti mboni imafunsidwa choyambacho. Za “ndinamva kwa uje” kawirikawiri khoti silizilandira ngati umboni, chifukwa uje uja palibe amene angamufunse mafunso. Koma mumsewu zitatuzi zimasakanikirana. Woyamba amati, “Ndinamuona akudutsa cha kumeneko.” Wachiwiri amati, “Anamuona akutuluka m'fakitale.” Pofika kwa wachisanu, “Anamugwira ndi waya m'manja.”

Zimene tinaziona kale

Dziko lino linalipira mtengo waukulu pophunzira zimenezi. Kumapeto kwa 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020, ku Chingola kunabuka mbiri ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku kuti eni ake akomoke. Mbiriyo inafala ku Copperbelt konse, n'kufika ku Lusaka ndi m'zigawo zina. Mantha anali enieni: mabanja ankagona panja, makolo ankathamangira kusukulu kukatenga ana, amuna ankachezera usiku ndi zibonga ndi zikwanje akuimitsa magalimoto. Pa mantha amenewo panakwera mphekesera zakuti opoperawo akufuna magazi a anthu. Mlendo wofunsa njira, munthu wodwala misala woyendayenda, woyenda usiku atanyamula chikwama, onsewa anasanduka oganiziridwa. Pulezidenti Edgar Lungu analonjeza K250,000 kwa wopereka uthenga wothandiza kugwira opoperawo, ndipo anatumiza asilikali m'misewu. Mu Malichi 2020 anauza nyumba ya malamulo kuti anthu 50 anali ataphedwa ndi magulu a anthu. Mmodzi mwa ophedwa m'nyengo imeneyo anali a Timothy Hakuyu, amene anakhalapo mlembi wamkulu mu unduna wa maboma ang'ono, ndipo anaphedwa m'boma la Gwembe. Udindo umene anakhala nawo m'boma sunawapulumutse. Nanga waganyu wopanda dzina akanapulumuka bwanji?

Pa anthu onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene khoti linamupeza wolakwa, chifukwa sanapatsidwe mpata wofika kukhoti. Ndipo ngati panali wina amene ankadziwadi kanthu za kupoperako, anapita kumanda ndi mayina a omutuma. Gulu likapha woganiziridwa limaphanso umboni.

Izi zisanachitike, mu Epulo 2016, ku Lusaka kunapezeka mitembo ya anthu yochotsedwa ziwalo cha ku George Compound ndi madera oyandikana nawo. Panamveka mphekesera yakuti ochita zimenezi ndi anthu a ku Rwanda okhala ndi mashopu m'makomboni. Mashopu oposa 60 anaphwanyidwa ndi kuberedwa, anthu mazana anathawira ku tchalitchi cha Katolika cha St Ignatius, ndipo anthu awiri amene anatenthedwa pa chipwirikiticho anali a Zambia. Mwezi wotsatira apolisi anamanga anthu anayi pa imfa zija, ndipo panalibe wa ku Rwanda. Anzathu a ku Malawi anaona zofanana mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kumwera. Kawirikawiri amene anavutika anali mlendo, wodwala, wosauka kapena wopanda achibale pafupi omuikira kumbuyo.

Mphamvu imene muli nayo, ndi pamene imathera

Lamulo silinakumangeni manja. Buku la malamulo a kayendetsedwe ka milandu, Criminal Procedure Code, pa gawo 31, limalola munthu wamba kugwira munthu amene wapalamula mlandu womangitsa iye akuona, kapena amene ali ndi chifukwa chomveka chomuganizira kuti wapalamula mlandu waukulu. Gawo lotsatira limanena chochita: mum'pereke kwa wapolisi mosachedwa, kapena mupite naye kupolisi yapafupi. Mphamvu yanu yathera pomwepo. Mulibe chilolezo chomufunsa ndi chikoti, chomuvula, chomuyendetsa mumsika katundu ali pamutu, chomutsekera m'kanyumba ka alonda mpaka mawa kuti aulule anzake, kapena chomulipiritsa. Akamalimbana nanu mungagwiritse ntchito mphamvu yokwanira kumugwira basi. Akakhala pansi, manja ali m'mwamba, chibakera chilichonse chotsatira ndi mlandu wanu. Alonda a makampani ndi magulu olondera m'makomboni ali pansi pa lamulo lomweli. Yunifolomu ya ulonda siipatsa munthu mphamvu ya khoti.

Ambiri amaganiza kuti m'gulu mulibe mlandu, poti “tinalipo ambiri”. Buku la milandu ndi zilango, Penal Code, pa magawo 21 ndi 22, likunena zina. Wothandizira, wolimbikitsa ndi aliyense amene anagwirizana ndi anzake pa cholinga cholakwika amatengedwa ngati wachita yekha chimene chatuluka pa cholingacho. Wobweretsa tayala, wopereka petulo kapena machesi, wotseka njira kuti munthu asathawe, wofuula kuti “muotcheni”, onsewa angathe kuimbidwa mlandu wakupha pamodzi ndi amene anaponya mwala womaliza. Chilango cha imfa chinathetsedwa mu Disembala 2022, koma wopezeka ndi mlandu wakupha angathe kukhala kundende moyo wake wonse, ndipo mlanduwu ulibe belo. Akuluakulu anati mlandu suola. Masiku ano pa chipwirikiti chilichonse pamakhala wina akujambula ndi foni, ndipo nkhope zimene zili pa kanemayo apolisi amazifunafuna gulu litabalalika kale.

Mukaona anthu ayamba kuunjikana pa munthu, imbani 991 msanga, kapena tumani wina athamangire kupolisi. Itanani munthu amene anthu amamumvera, kaya ndi m'busa, wapampando wa msika kapena mkulu wa m'deralo. Ngati n'kotheka mulowetseni woganiziridwayo mushopu kapena m'geti, chitseko chitsekedwe mpaka apolisi afike. Funsani mokweza kuti, “Amene waona ndi maso ake ndani?” Nthawi zambiri funso limeneli limaziziritsa anthu, chifukwa amayang'anana n'kupeza kuti aliyense anangomva. Musaike moyo wanu pachiswe, komanso musaime n'kumaonerera, poti kuchuluka kwa oonerera ndi kumene kumalimbitsa mtima omenya.

Mukakhala inu ogwidwa

Gawo 13 la malamulo aakulu limati womangidwa auzidwe chifukwa chake mwamsanga, m'chilankhulo chimene amamva, ndipo apititsidwe kukhoti mosachedwa. Gawo 33 la Criminal Procedure Code limati ngati sizitheka kumufikitsa kukhoti m'maola 24, mkulu wa polisiyo aone nkhaniyo, ndipo ngati mlanduwo si waukulu amutulutse pa bondi. Bondi ya kupolisi ndi yaulere. Chofunika ndi anthu okuimirani, okhala ndi malo odziwika, olonjeza kuti mudzafika tsiku loitanidwa. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti m'bale wanu atuluke pa bondi, chimenecho ndi chiphuphu, ndipo mungakanene ku Anti-Corruption Commission.

Wapolisi asanalembe mawu anu pa mlandu amayenera kukuchenjezani kuti simukukakamizidwa kunena kanthu, ndipo zimene munganene zingagwiritsidwe ntchito kukhoti. Apa m'pamene ambiri amadzipweteka. Munthu watopa, wagona pasimenti, ali ndi njala, ndiye pepala lolembedwa m'Chingerezi likabwera amangosaina kapena kudinda chala kuti zithe. Musasaine chimene simunawerenge kapena kuwerengeredwa m'chilankhulo chanu. Gawo 15 limaletsa kuzunza munthu, ndipo kuvomera kotuluka chifukwa cha kumenyedwa kapena kuopsezedwa khoti lili ndi mphamvu yokukana. Mukamenyedwa, muuzeni majisitireti tsiku loyamba lomwe mwaonekera, muonetseni mabala, ndipo pemphani kuonedwa ndi dokotala. Madandaulo okhudza apolisi amapita ku Police Public Complaints Commission kapena ku Human Rights Commission. Wosakwanitsa kulipira loya apemphe thandizo ku Legal Aid Board. Womangidwa popanda chifukwa cha lamulo ali ndi ufulu wokasuma kuti apatsidwe chipukuta misozi.

Nkhani ya bondiyi ndi imene imakwiyitsa anthu. “Tinamupereka dzulo, lero tamuona pamsika. Apolisi adya.” Kutuluka pa bondi kapena pa belo si kumasulidwa. Mlandu ukadalipo, tsiku la kukhoti lilipo, ndipo akathawa omuimira aja ndiwo amafunsidwa. Lamulo linakonza chonchi kuti munthu amene mwina ndi wosalakwa asataye ntchito, nyumba ndi banja podikira tsiku lozenga mlandu.

Pantchito

M'dera la mafakitale kuweruza mofulumira kumachitikanso muofesi, popanda mwala kapena tayala. Katundu wasowa m'sitolo ya kampani, bwana waitana anthu a shifiti imeneyo n'kunena kuti, “Nonse musabwerenso mawa.” Lamulo la ntchito la 2019, Employment Code Act, pa gawo 52, limakana zimenezi. Wolemba ntchito sangachotse munthu popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, wantchitoyo ayambe wapatsidwa mpata wonena mbali yake. Nkhani ikafika kukhoti, bwana ndiye ayenera kuonetsa kuti kuchotsako kunali koyenera.

Choncho mukaimbidwa mlandu pantchito, pemphani kuti mlanduwo ulembedwe papepala: chasowa n'chiyani, liti, ndipo inu mukukhudzidwa bwanji. Yankhani molemba ndipo sungani pepala lanu lofanana nalo. Pemphani kuona buku la pageti, mapepala otulutsira katundu ndi zithunzi za makamera ngati alipo. Ngati muli m'yuniyoni, pitani kubwalo la kampani ndi woimira antchito. Musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa choti akuuzani kuti mukatero sapita nanu kupolisi, poti kalata imeneyo ingadzakutsekereni njira yodandaulira. Mukachotsedwa mosatsata njira, yambirani ku ofesi ya zantchito ya boma, ndipo dziwani kuti dandaulo lopita ku nthambi ya High Court yoona za antchito liyenera kufika m'masiku 90, kuwerenga kuchokera pamene njira za m'kampani zatha, kapena pamene nkhaniyo inachitika ngati njirazo kulibe. Dziwaninso kuti bwalo la kampani silifuna umboni wolemera ngati wa khoti la milandu, kotero kumasulidwa ndi majisitireti sikubweza ntchito pakokha. Kwa akapitawo ndi mabwana mawu ndi awa: kufufuza sabata imodzi n'kotchipa kuposa kulipira chipukuta misozi, ndipo mukachotsa wosalakwa wakuba weniweni amatsala m'kati mwa mpanda.

Pakamwa ndi pafoni

Pali kuweruza kwina kumene sitikuona ngati mlandu. Chithunzi cha munthu chimazungulira pa WhatsApp kapena pa Facebook, pansi pake palembedwa kuti “wakuba uyu, samalani”. Mumachitumiza kwa anzanu poganiza kuti mukuwachenjeza. Ngati si zoona, mwini nkhopeyo angakusumireni chifukwa chomuipitsira mbiri, ndipo Penal Code ikadali ndi mlandu wa kufalitsa zonyoza munthu. Kunena kuti “inenso ananditumizira” sikukupulumutsani. Chimodzimodzi kutchula munthu kuti ndi mfiti: lamulo la Witchcraft Act limati umenewo ndi mlandu. Pamaliro ambiri, chipatala chisananene chimene chapha munthu, chala chimakhala chaloza kale gogo wina wa pafupi. Ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene pamafunika kulimba mtima kwambiri, chifukwa wonenayo amakhala m'bale wako, ndipo ali ndi chisoni chenicheni. Komabe pafunika wina wa m'banjamo aimirire n'kunena kuti, “Tiyeni timve kaye za adokotala.”

Kudekha si kukhala chete

Wina anena kuti zonsezi n'zokomera akuba, poti milandu imachedwa, mafayilo amasowa, ndipo woberedwa amatha ndalama ndi maulendo a kukhoti. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo mayi amene waberedwa katundu yense wa pa kantemba kake sitingamuuze kuti angopirira. Koma milandu yambiri imafa chifukwa anthu amene anali ndi mphamvu zothamangitsa wakuba amasowa tsiku lochitira umboni. Woimira boma sangapambane mlandu ndi mphekesera. Ngati munaonadi, kalembetseni kupolisi tsiku lomwelo zinthu zisanaiwalike, funsani dzina la wapolisi amene akufufuza ndi nambala ya nkhani yanu, musagwiregwire katundu wopezeka kapena malo othyoledwa, ndipo mukaitanidwa kukhoti pitani. Wapolisi akaoneka kuti akuzengereza dala, pitani kwa mkulu wake, ndipo zikakanika pitani ku mabungwe tawatchula aja.

Njira yomweyi imagwiranso ntchito pamene woganiziridwa ndi wamphamvu. Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linaphulika ku Chambishi, madzi a asidi analowa mu Mwambashi n'kutsikira mu mtsinje wa Kafue, nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Mtsinje umenewo ndi womwewu umadutsa pa mlatho wathu. Msodzi wa kuno akadzapeza nsomba zitayandama, kapena utsi ukamatsokomoletsa ana, mtima udzathamangira fakitale imene ili pafupi. Mwina n'kukhaladi imeneyo, mwinanso gwero lili kutali kumtunda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwake kukhale kogwira ntchito: jambulani, lembani tsiku, nthawi ndi malo, pitani ndi odwala kuchipatala kuti zilembedwe, kanenani ku ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, ndi kukhonsolo, ndipo funsani zotsatira za kuyeza kwawo. Lamulo la Access to Information Act la 2023 limakupatsani ufulu wopempha uthenga wotere ku mabungwe a boma. Kampani ingathe kunyalanyaza phokoso la pageti, koma umboni wolembedwa bwino umaifikitsa kukhoti.

Anzanga a ku Kafue, sungani 991 mufoni zanu lero, ndipo auzeni ana anu achinyamata, amene amakhala oyamba kuthamanga akamva “wakuba!”, kuti wogwidwa amapita naye kupolisi ali wamoyo ndi wosavulala. Ngati munaona ndi maso anu, kakhaleni mboni kukhoti. Ngati munangomva, musatchule dzina la munthu.